Galasi silidziwa apongozi

Masitepe aja ndinayamba kudana nawo akadali papepala. Amuna anga ankachita geni ya mpunga, kugula kwa alimi a ku Chia ndi ku Liwaladzi n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo matipate atangoyamba zinthu zinawayendera. Ku Joni anapitako kamodzi kokha, milungu itatu, koma anabwerako ngati mchombo wawo unagwera komweko. M'chikwama anabweretsa tsamba long'amba m'magazini. Panali masitepe a matabwa otalikirana, mpata pakati pa thabwa ndi linzake, ndipo m'mbali, momwe anthu amaika zitsulo zogwirira, munali galasi lokhalokha.

Nthawiyo tinkamanga nyumba yosanja kufupi ndi boma. Anaitanitsa mmisiri wa ku Lilongwe, amene anayala pulani yake pathebulo n'kumatilozera ndi pensulo. Masitepewo anayenera kuyambira pakati pa balaza, kukhota kamodzi pafupi ndi zenera lalikulu, n'kukathera pakhomo la chipinda chathu chogona. Matabwa a mlombwa, chitsulo chimodzi kunsi, magalasi ogwidwa ndi mabawuti. Ine ndinayang'anitsitsa, kenako ndinafunsa.

"Nanga munthu akamakwera, wokhala pansi saona zonse?"

Mmisiri uja anatsokomola n'kuyamba kusongola pensulo yosongoka kale. Amuna anga anaseka.

"Mayi, ubwino wake ndi womwewo. Kuwala kuzidutsa. Mukufuna tizikhala mumdima ngati mileme?"

Ndinangoti chabwino. Munthu ukakhala wa kumudzi, funso lako limasanduka nthabwala lisanathe n'kutuluka m'kamwa.

Magalasi anabwera pa lole atakulungidwa m'mabulangete, okhuthala ngati chala chachikulu. Anthu anachokera kutali kudzaona, ena kugogoda, ena kupumirapo mpweya n'kulembapo ndi chala. Onse ankapita, wotsala ndi ntchito ndinali ine. Nkhungu, tizilombo touluka tija, zikatuluka panyanja zinkalowa pazenera n'kumatirira galasi lonse bii. Ndinkapukuta ndi manyuzipepala onyowa, poti masiku amenewo manyuzipepala anali mbwee, aliyense kutukwana mnzake. Ndale zonse za dziko lino ndinazithera pagalasi limenelo.

Chaka choyamba ndinapirira. Kukabwera alendo aamuna ndinkadikira achoke ndisanakwere, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma chaka chachiwiri, mwezi wa Meyi, kunabwera mlendo wosachoka. Apongozi anga, bambo awo a amuna anga, msodzi wa ku Chia amene anali atakalamba, anadwala chifuwa. Tinawatenga kuti azikhala nafe pafupi ndi chipatala. Ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, miyendo itatupa.

Chikwatiwire sindinawayang'anepo kumaso bambo amenewo. Ndinkagwada patali, kuyankhula nkhope ili kumbali, ndipo tikakumana panjira mmodzi ankapatuka. Umu ndi momwe tinakulira. Tsono iwo anakonda mpando wa ndalema umene unali pazenera lalikulu lija, chifukwa dzuwa la pamenepo linkawafunditsa pachifuwa. Mpandowo unali kunsi kwenikweni kwa masitepe. Akabwerako kuchipatala m'mawa ankakhala pomwepo, kudzuka pa nthawi ya swala yokha, mpaka madzulo.

Ine ndikwere bwanji, chitenje chili pamwamba pa mutu wa apongozi, mipata ili yasa, galasi lili mbee?

Ndinayamba kutsika m'bandakucha iwo asanatuluke m'chipinda chawo cha pansi, nditanyamula m'beseni zonse zofunika tsikulo. Ndikaiwala mpango, ndaiwala basi. Masana msana ukayamba kuwawa ndinkalowa m'kachipinda kosungiramo mpunga, kugona pamatumba, miyendo nditaisanjika pathumba lina. Fumbi la mpunga linkandiyabwa thupi lonse, anankafumbwe akundiyenda m'khosi. Bedi langa la matiresi atsopano linali pamwamba pomwepo, masitepe khumi ndi anayi, ndipo ndinkawawerenga mumtima ndili chigonere.

Ndinawauza amuna anga. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa chinthu chophweka kwambiri.

"Valani buluku, mayi. Lamulo loletsa lija linatha. Pano ndi ufulu."

"Linatha ku boma," ndinatero. "Kwa abambo anu silinathe. Ndivale buluku pamaso pawo ndi mimba iyi? Mukufuna afe lero?"

"Ndiye vuto la anthu akuno. Nyumba yamakono, mitu yachikale."

Ndinapsa mtima, koma mphamvu zokangana ndinalibe. Tsiku lina iwo atapita ku Dwambazi ndinatenga zitenje zitatu za chipani zimene anatigawira pamsonkhano, n'kutuma mlamu wanga wamkazi amene tinkakhala naye kuti azipachike pagalasi ndi mapegi. Sizinathandize kwenikweni, popeza mipata ya kunsi inali pomwepo, komabe mtima unakhalako pansi. Madzulo amuna anga anafika ndi anzawo awiri a geni amene anabwera nawo kudzaona masitepe. Anapeza nkhope ya mtsogoleri ili lende, katatu. Amuna anga anazithothola okha, mapegi akuthethekera pansi.

"Galasi lodula chonchi mwalisandutsa chingwe choyanikira?"

Apongozi anali pampando wawo, akuwerenga mikanda ya tasibihi. Sanadzutse mutu.

Patapita masiku ochepa, masana, apongozi ankafuna birika lawo la madzi otawazira asanaswali, ndipo mlamu wanga anali atapita kumsika. Anatsegula chitseko cha kachipinda kaja mwangozi. Anandipeza ndili gada pamatumba, miyendo m'mwamba, thukuta lili kamukamu. Ndinayesa kudzuka msanga koma mimba inakana. Iwo anatembenuka nthawi yomweyo.

"Pepani, mayi," anatero, n'kutseka.

M'mawa mwake ndinamva chinthu chikukhwekhwerezeka pasimenti. Nditasuzumira ndinaona apongozi akukoka okha mpando wa ndalema uja, kupuma, kukokanso, mpaka pakhonde. Unali mwezi wa Juni, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja usana wonse. Ndinagwada pakhomo.

"Bambo, kunjaku kuli mphepo. Chifuwacho."

"Mphepo ya panyanja ndinakula nayo, mayi," anayankha akuyang'ana kumpanda. "M'nyumbamu mwachuluka magalasi, maso akundiwawa."

Tonse awiri tinkadziwa kuti maso awo analibe vuto. Munthu ameneyu ankalowetsa yekha ulusi pasingano yosokera ukonde. Ndikanatha kukakamira. Ndikanatha kuubweza mpandowo ndi manja anga, kapena kuwauza amuna anga kuti awaletse. Ndinangowatengera bulangete, kuliika pambali pawo, n'kubwerera m'nyumba.

Balaza linali zii. Ndinagwira galasi lozizira lija n'kukwera, dzuwa lili pamutu, koyamba m'milungu isanu. Pokhota paja ndinaona kudzera pazenera msana wawo, chikhoti chakuda ndi kofiya yoyera, mapewa akugwedezeka ndi chifuwa. Mpandowo anauika mofulatira nyumba. Ndinaima pang'ono, kenako ndinapitiriza kukwera.

Anakhala pakhondepo tsiku lililonse kwa milungu itatu. Mlungu wachinayi chifuwa chinakula, anawagoneka m'chipatala, ndipo sanatulukemo. Mwana anabadwa sadaka ya maliro awo itachitika kale. Amuna anga ankati matendawo anali akale, mphepo sinawonjezerepo kanthu. Mwina ankanena zoona. Ine sindine dokotala.

Masitepewo alipobe. Galasi limodzi linachita mng'alu, mabawuti anachita dzimbiri, koma alendo amaimabe pakhomo n'kunena kuti eee, nyumba iyi ndiye inatsogola. Mwana wanga wamkazi, yemwe uja ndinali naye m'mimba, anajambulitsapo zithunzi za ukwati wake, ndipo sanaone chovuta chilichonse. Ine maondo anatha, ndimakwera mopumira, ndipo pokhota paja sindiyang'ana pazenera.

Anthu amandiyamikira kuti ndinasamala apongozi mpaka mapeto, ine n'kumangovomera. Chimene sindinauzepo munthu n'chakuti milungu itatu imene ija, iwo akutsokomola pamphepo, ine ndinkagona tulo tokoma kwambiri masana aliwonse, ndipo podzuka ndinkathokoza Mulungu.