Jonasi ndi Mapiritsi a Mng'ono Wake

Jonasi wa ku Kachebere anali wokonza njinga, ndipo ntchito yake ankaidziwa. Chimene chinkamukanika n'kuona mng'ono wake Pius akumuposa. Matipate atangoyamba, Pius anatsegula butchala pa boma, nagula njinga yamoto, nanenepa. Jonasi akamva kulira kwa njingayo, mtima unkamuwawa.

Chaka china chala chachikulu cha kuphazi kwa Pius chinatupa, moti ngakhale nsalu sinkayenera kuchikhudza. Kuchipatala anati ndi gauti, asidi wachuluka m'magazi, ndipo anam'patsa mapiritsi omwa tsiku lililonse. Pamsika anthu ankati amenewo ndi matenda a mabwana odya nyama. Pius akafika ndi ndodo yake, ankamuthamangira ndi mpando.

Jonasi mawondo anali atamupweteka kwa zaka chifukwa chonjuta pantchito, koma panalibe womufunsa.

"Zanga akuti nyamakazi, za iye akuti gauti," anadandaula kwa mkazi wake Luwiza. "Kodi sitinayamwe bere limodzi?"

Atapita kukazonda Pius, anatola kabokosi kopanda kanthu ka mankhwalawo n'kutuma wageni wina kuti akam'gulire mapiritsi omwewo kutsidya kwa malire, ku Chipata. Ankamwa awiriawiri pashedi pake, makasitomala akuona.

"Abambo, kodi adokotala anakuyezani?" anafunsa Luwiza.

"Anayeza Pius. Magazi athu ndi amodzi."

Patapita milungu ingapo thupi la Jonasi linatentha n'kutuluka zidzolo, mapazi anatupa, mkodzo unkangodontha. Luwiza anabwereka ngolo n'kupita naye kuchipatala.

"Impso zanu zinali zofooka kale, ndipo mankhwalawa azipweteka," anatero dokotala. "Sitipereka tisanayeze magazi. Komanso inu gauti mulibe."

Jonasi anatembenukira kukhoma. Za impsozo anazimva, koma mawu omalizawo ndiwo anamulasa.

Pius ankabwera masana aliwonse, akutsimphina, n'kukhala pambali pa bedi. Tsiku lina anati, "Achimwene, matenda angawa mukanandipempha, ndikanakupatsani ulere."

Odwala ena anaseka. Jonasi sanaseke.

Anatuluka wamoyo, koma mphamvu sizinabwerere. Ankakonza njinga m'mawa mokha, atakhala pachitsa, ndiwo zake zopanda mchere. Pius anayamba kum'tumizira matayala ndi machubu oti azigulitsa. Jonasi ankalandira, n'kumauza makasitomala kuti mng'ono wake sadziwa kusankha matayala abwino.