Mawu a mkazi wanga amene sindinamasulire

Mkazi wanga ndi wa ku Ntcheu. Ndinamudziwa tili ana, nthawi imene banja lathu linathawa nkhondo ku Angonia n'kukakhala m'mudzi wa kwawo. Mtendere utabwera ife tinabwerera, koma njira ya ku Ntcheu sindinaiiwale, ndipo patapita zaka ndinakamutenga. Tinakhazikika ku Matundo, ku Tete, tsidya lino la Zambezi. Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya simenti ndi malata. Iye ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a kapulana, chitenje cha kuno, ndi zigamba za anthu osafuna kutaya buluku.

Chipwitikizi sanachiphunzire. Pamsika Chichewa ndi Chinyungwe zimamvana, kutchalitchi chimodzimodzi, ndipo pa za m'maofesi panali ine. Ndinkanyadira zimenezi. Ndinafika ku sekondale, ndipo pepala lililonse lolowa m'nyumba mwathu linkadutsa m'manja mwanga.

Matenda anayambira pa singano. Ankati ulusi ukukana kulowa. Tinagula magalasi, osathandiza. Kenako zala za kumanja zinachita dzanzi, mwendo n'kuyamba kukoka. Zinkabwera, n'kupita, n'kubweranso zitakula. Titazungulira mokwanira anatitumiza ku Maputo kukajambulitsa mutu ndi msana, ndipo kumeneko dokotala anatchula dzina lake, esclerose múltipla. Anati ndi nthenda ya mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, yosowa kwathu kuno, yosachizika, koma munthu amakhala nayo zaka zambiri. Anawonjezera kuti imadana ndi kutentha. Atamva kuti timakhala ku Tete anangopukusa mutu.

Kwathu kuno munthu sadwala chabe. Mwezi umene mkazi wanga anayamba kukoka mwendo ndi womwewo umene abwana anandipatsa makiyi a sitolo kuti ndizisunga. Anthu anaphatikiza ziwirizi. Palibe anandiuza pamaso, koma ndinkaona mmene nkhani inkadukira ndikafika pamene amuna amasewera bawo. Ankati ndakhwimira mkazi kuti ntchito iyende. Ndipo aliyense amadziwa mmene nkhani zoterezi zimathera: wokhwimiridwa amayamba kufooka thupi, kenako mutu. Choncho ndinatsimikiza mumtima kuti za thupi zidziwike, poti sizibisika, koma za mutu zisamveke.

Lachinayi lililonse m'mawa tinkakwera chapa, minibasi ya kuno, kuwoloka mlatho kupita kuchipatala mumzinda. Kumeneko kunali chipinda chokhala ndi tebulo lalitali, mabeseni a nyemba, zopanira zovala pachingwe, ndi malaya akale okhomeredwa pathabwa. Woyang'anira chipindacho anali mayi wochepa thupi wa kumwera, ku Inhambane. Tinkamutcha dotora ngakhale ankakana kuti si dokotala. Ntchito yake inali kuphunzitsa anthu kuchitanso za tsiku ndi tsiku ndi mphamvu zimene zatsala m'thupi. Chinyanja sankamva, ndipo pa Chinyungwe ankangodziwa moni. Womasulira ndinali ine.

Ntchito ankaidziwa. Anakulunga chigwiriro cha sipuni ndi chubu cha njinga kuti chinenepe, dzanja lizigwira. Anapinda waya kukhala kambedza kokokera mabatani m'zibowo zake. Anatiuza kuti zochapa ndi zosesa zizichitika dzuwa lisanakwere, atakhala pampando, ndipo masana azigona ndi kapulana yonyowa m'khosi. Ine anandiletsa chinthu chimodzi, kuthandiza ndisanapemphedwe.

"Senyor, manja anu azikhala m'thumba," ankatero.

Zimenezo ndinkamasulira bwinobwino, osasiyako, mpaka mkazi wanga ankaseka.

Nthawi ikamatha dotora ankakankhira nyemba pambali, n'kukoka mpando, n'kufunsa funso limodzi lomwelo: "Nanga mumtima muli bwanji?"

Masabata oyamba mkazi wanga ankati ali bwino. Mu Okutobala, dzuwa litafika poti chitseko cha chapa sichigwirika, anayankha zina. Sanayang'ane dotora, sanayang'ane ine. Anayang'ana nyemba.

"Muwauze kuti makina anga ndawafunditsa nsalu ngati maliro. Muwauze kuti tikamawoloka mlatho ndimayang'ana madzi aja, ndimaganiza kuti pansi pake mpozizira, munthu atha kupumula."

Ndinamva mawu onse. Ndinatembenukira kwa dotora n'kunena m'Chipwitikizi kuti mayi akudandaula kutentha.

Dotora anagwedeza mutu, n'kulemba m'kope lake, n'kunena kuti tizinyowetsa kapulana pafupipafupi.

Sindinganame kuti sindinamvetse. Ndinamvetsa. Ndinkadziwanso kuti kumapeto kwa khonde lomwelo kuli chitseko cha a psikologo, othandiza anthu ovutika maganizo, ndipo pabenchi yake pamakhala anthu amene ku Matundo amangotchedwa amisala. M'mutu mwanga ndinaona munthu wa kwathu akudutsa n'kutipeza pabenchi imeneyo. Ndinadziuza kuti za m'nyumba sauza mlendo, ndikakamba naye ndekha tikafika. Titafika sindinakambe naye. Ndinamugulira chokupizira mphepo chamagetsi, chachikulu. Pa chapa ndinayamba kukhala kuwindo ndine, iye mkati. Mankhwala ake ndinawasamutsira pamwamba pa kabati pamene sakanafikira. Zonsezi ndinachita osanena kanthu, ndipo ndinkaziyesa chisamaliro.

Anabwereza Lachinayi lotsatira, ndi linzake. Mawu ankasintha pang'ono, koma madzi aja sankasowamo. Ine ndinkati kutentha, kapena kutopa. Tsiku lina ndinati wasowa abale ake a ku Malawi. Zinali zoona, koma si zimene ananena.

Lachinayi la sabata yachinayi patebulo panali wodwala wina, mayi wojintcha wa ku Tsangano wogulitsa kachewere pamsika. Anapsa dzanja ndi mafuta ndipo ankaphunzira kutambasula zala pofinya kampira. Anali wolongolola. Tisanakhale n'komwe anali atandifunsa kale ngati malata a m'sitolo mwathu ndi enieni kapena ndi aja amaboola ndi chala.

Funso lija litabwera, mkazi wanga anayankha motalika kuposa kale. Ine ndinati kutentha.

Mayi uja anasiya kufinya.

"Achimwene, Chipwitikizi chanucho n'chotani? Alamu angawa ayankhula ulendo wa pano mpaka ku Moatize, inu mwatsika chapa isananyamuke."

"Mayi, finyani mpira wanu."

"Ndikufinya. Chinapsa ndi dzanja, makutu ali bwinobwino." Anatembenukira kwa mkazi wanga. "Alamu, mwati kutentha inu? Ine ndamva madzi."

Mkazi wanga anangosuntha nyemba imodzi ndi chala.

"Iii, bambo wopisira malaya ngati mphunzitsi, kumaba mawu masanasana! Akanakhala amuna anga bwenzi ndawafinya m'malo mwa mpirawu."

Dotora anafunsa chimene chikuchitika. Chipwitikizi cha mayi uja chinali cha pamsika, chothera pa kachewere, koma anafufuza mpaka anapeza mawu awiri, la mtsinje ndi la kufa. Anawaponya patebulo n'kuloza mkazi wanga.

Dotora anandiyang'ana.

"Senyor, ndiuzeni zimene anena akazi anu. Zonse."

Ndinanena. Za makina, za mlatho, za pansi pa madzi. M'Chipwitikizi, potuluka pakamwa panga, zinamveka zoopsa kuposa mmene ndinkazisungira.

"Ayamba liti kunena zimenezi?"

"Masabata atatu apitawa."

Sanakalipe. Akanakalipa mwina bwenzi ndapeza poyankhira. Anatsegula kope lake, n'kubwerera m'mbuyo masamba. Pamene analemba kutentha anadula mzere. Pamene analemba kutopa anadula mzere. Pamene analemba za abale a ku Malawi anaima pang'ono, n'kudulanso. Ankachita pang'onopang'ono, ine ndikuona. Kenako anatuma uthenga kuti aitane namwino wina wa ku Ulongwe, womva Chinyanja, ndipo anatipempha ine ndi mayi wa kachewere kuti tidikire panja.

Pabenchi mayi uja anakhala pafupi nane, dzanja lake lopsa atalisanjika pabondo.

"Musandikwiyire, achimwene. Pakamwa pangapa analenga opanda chitseko."

Ndinati palibe kanthu. Mumtima ndinkafuna atapsa lilime.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Mkazi wanga anatuluka pakati pa dotora ndi namwino, akukoka mwendo, maso atafiira. Sanabwere kwa ine. Analowera kumapeto kwa khonde, kuchitseko chija. Ndinanyamula chikwama chake n'kutsatira, n'kukhala pabenchi imene ndinaithawa masabata onsewo. Inali benchi wamba, ya matabwa atatu. Panali bambo wina wovala jekete la ulonda, ndi mayi woyamwitsa. Tinapatsana moni. Wa ku Matundo sanadutse ndi mmodzi yemwe.

Tisananyamuke a psikologo anandiitana pandekha. Anandiuza kuti masiku amenewo asamatsale yekha pakhomo, ndi kuti akanena za madzi ndisasinthe nkhani. Ananenanso kuti ambiri obwera kuchokera kumalire amafika ndi mwamuna, kapena mwana, kuti awayankhulire, ndipo zolemera zimatsalira m'njira. Ankafuna kundipepuza. Sizinandipepuze.

Pobwerera mkazi wanga anakwera chapa patsogolo panga n'kukhala kuwindo. Sindinamuletse. Pamlatho ndinayang'ana khosi la munthu wa kutsogolo kwanga mpaka titafika tsidya.

Kuchokera potsikira kukafika kunyumba si patali, koma dzuwa linali pamutu ndipo mwendo unali utalema. Tinapumira pansi pa mtengo wa masawu uli m'mbali mwa njira. Iye anakhala pamwala. Ine ndinaimirira.

"Mukanandiuza kunyumba," ndinatero.

"Kunyumba mumandifunsa ngati ndamwa mankhwala."

Kenako anawonjezera:

"Abambo, zaka zonsezi ku Tete, mumayesa sindidziwa mmene kutentha amakutchulira m'Chipwitikizi? Ndinkakumvani. Ine ndanena zanga zonse, inu kalori. Sabata inayo, kalori."

"Nanga munkabwerezeranji, mukudziwa kuti sizikufika?"

Anapukuta thukuta ndi nsonga ya kapulana.

"Dotora samva Chichewa. M'chipinda muja womva munali inu nokha."

Ndinafuna kupepesa. Munthu amene ndinkadzitama kuti ndili ndi ziyankhulo zitatu ndinasowa cholankhula pansi pa mtengo wa masawu. Ndinatambasula dzanja kuti ndimudzutse. Analiyang'ana, nati, "Sindinapemphe." Ndinalibweza m'thumba. Anadzuka yekha, atayesa katatu.

Papita zaka ziwiri. Matenda sanabwerere m'mbuyo, ndipo tsopano amayenda ndi ndodo. Kwa a psikologo amapita kawiri pamwezi, amalowa ndi namwino uja. Zimene amakamba m'menemo sindizidziwa, ndipo sindifunsa. Ndimakhala pabenchi. Tsiku lina anadutsadi munthu wa kwathu, wowotcherera zitsulo, ndipo sabata isanathe nkhani inali itafika pabawo. Ananena zimene ndinkaopa, mwina kuposerapo. Makiyi a sitolo ndikadali nawo, dzuwa likutulukabe. N'zimenezi zimene ndinaikira moyo wa mkazi wanga pachiswe.

Makina anawavundukula. Mayunifolomu sangathenso, koma m'mawa kusanatenthe amapinda m'mphepete mwa makapulana a anzake a kutchalitchi, mizere yowongoka yokhayokha. Ulusi amalowetsa ndi kawaya kamene dotora anamupangira. Ena amabwera nayo mwadala kapulana yosafunika kupinda, iye amadziwa, amapindabe.

Mayi wa kachewere dzanja linachira. Pamsika ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutse pa benchi yake, mpaka mkazi wanga anandituma komweko mwadala. Atandiona anafuula anthu onse akumva: "Achimwene a kutentha! Lero mwabwera ndi mawu onse kapena mwasiyako ena m'chapa?" Ndinagula, anawonjezera mbatata ziwiri za alamu ake.

Funso la dotora ndinaliphunzira mochedwa, ndipo mpaka lero limatuluka mouma, ngati ndikuwerenga pepala. Ndimafunsa m'mawa, iye akumanga mabatani a bulauzi ndi kambedza kaja. Ili ndi mabatani asanu, ndipo limodzi limatenga nthawi imene ine ndingavale nsapato zonse ziwiri. Ndimaima pakhomo, manja m'thumba.

"Amayi, mumtima muli bwanji lero?"

Masiku ambiri amati, "Lero madzi kulibe, pitani ku ntchito." Masiku ena amati, "Lero alipo." Tsiku lotero ndimaimbira foni abwana kuti makiyi atume munthu adzatenge, n'kukoka mpando, n'kukhala. Nthawi zina amayankhula, nthawi zina ayi. Akayankhula, mtima wanga umathamangirabe kufunafuna liwu lalifupi loti ndiphimbire zonsezo. Ndimalimva likubwera pakhosi, ndimalimeza, n'kumusiya amalize.