Galimoto ya mawaya imene ndinaiponda

Amene anayamba kundiuza ndi alamu anga, amake Tadala. Linali Lachiwiri m'mawa, ndili pasiteji ya basi kuno ku Highfields, mumzinda wa Leicester, chikwama cha kuntchito chili m'manja. Foni italira ndinkayesa akufuna kundikumbutsa za kwaya. Anangoti, "Alamu, achimwene anu atisiya," kenaka kulira. Basi inabwera, inatsegula chitseko, inadikira pang'ono n'kumapita. Ine ndili chiimire.

A Lasitoni, achimwene anga, sanafere paliwiro la galimoto monga ndinkaopera zaka zonsezi. Anakomoka ali pampando m'khitchini mwawo ku Evington, tiyi ali patsogolo. Madokotala akuti ndi mtima. Koma abale anga, masiku onse a maliro, anzanga akamaimba nyimbo, ine maganizo ankangothawira kwathu ku Chilomoni, kukaona mtsuko wosweka ndi kagalimoto ka mawaya.

Ndikukumbukira bwino. Ine ndinali mu Sitandade 2, iwo mu Sitandade 5. Inali nyengo yotentha ija, nyenje zikulira tsiku lonse, ife tikudya mango aawisi ndi mchere mpaka mano kuyayamira. Anyamata onse a m'dera lathu anali atapenga ndi magalimoto a mawaya. Achimwene ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kupinda waya ndi mano, kumanga ndi malegeni, zala zili mabala okhaokha. Matayala anali zitini za polishi ya nsapato. Masipiring'i ankapanga pokulunga waya pamsomali. Galimoto yawo inali yokongola kuposa onse, koma inali yaitali miyendo ngati kakowa, poti aliyense nthawi imeneyo ankati galimoto yabwino ndi yodutsa pamwamba pa miyala.

Mpikisano unkachitika Loweruka. Ankayambira pampopi, kutsetsereka, kuzungulira chulu cha kuseri kwa tchalitchi, n'kubwerera. Lamulo linali lakuti galimoto iliyonse inyamule apaulendo asanu, ndiwo mabatire akutha a muwailesi. Ukagwetsa mmodzi, watuluka. Achimwene ankatsogola nthawi zonse potsetsereka, koma akafika pakona ya chulu ija galimoto inkapendama, matayala awiri m'mwamba, apaulendo onse mbwee m'fumbi. Ankabwera kunyumba milomo ili yotuwa, osalankhula ndi munthu.

Tsono m'nyumba mwathu munali mtsuko wa amayi, wakuda, wa mizeremizere m'khosi. Anachokera nawo kwawo pokwatiwa. Madzi a mmenemo ankazizira ndipo ankanunkhira dothi la mvula yoyamba. Ana sitinkaloledwa kuusuntha. Koma ine ndinkasirira atsikana akuluakulu amene ankasenza osagwirira, manja akugwedezeka m'mbali. Lachinayi lina masana, amayi ali kumsika, ndinakhuthulira madzi m'beseni, n'kuika nkhata pamutu, n'kusenza mtsuko uja kuti ndiyesere pabwalo. Ndinayenda kamodzi, kawiri, khosi lili njo, mtima ukuti ndakula. Munthu wosenza sayang'ana pansi. Ndinangomva chinthu chikuti fwaa pansi pa phazi, ndinadzandira, mtsuko uja phwaa!

Ndinali nditaponda galimoto ya achimwene, imene anaisiya pamthunzi popita kukasaka malegeni. Inali itaphwatalala ngati chule wopondedwa ndi lole. Ndinatola nkhata yanga n'kukabisala kuseri kwa mpanda wa bafa.

Bambo athu anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo, ndipo tsiku limenelo anabwera msanga. Anapeza achimwene atagwada pakati pa mapale, galimoto ili m'manja. Anyamata aja anali ndi chizolowezi chowaza madzi panjira yawo kuti fumbi ligone, ndiye bambo sanafunse zambiri. Anati, "Mtsuko wa amako wasanduka wothirira msewu?" Achimwene anangoweramitsa mutu. Bambo sanali munthu wankhanza, Mulungu awasunge kumene aliko, koma tsiku limenelo lamba analira. Ine ndinkaonera pamng'alu wa udzu, nkhata ndaikumbatira pamtima. Mawu amene ndinamva kwa achimwene anali awiri okha: "Pepani, bambo." Amayi atabwera anatola mapale aja limodzilimodzi n'kukawaika pansi pa bedi. Kulira kwawo kosatulutsa mawu kunandipweteka kuposa lamba amene sanandikhudze.

Mawa lake achimwene anakhala pansi pa mango paja, atakhalira mbali imodzi, akuwongola galimoto yawo. Denga linabwerera, zitseko zinabwerera, koma masipiring'i anakana kudzuka. Waya wina analibe. Galimoto inatsala yogona, mimba yake kutalikirana ndi nthaka zala ziwiri zokha. Loweruka atafika nayo pampopi, anzawo anagwa nazo kuseka. "Lasitoni wabweretsa fulu! Uyambe lero kuti ukafike mawa!" Ine ndinaima patali, mwana wa aneba ali kumbuyo, ndikupemphera pemphero la mwana wochimwa.

Potsetsereka fulu uja anatsalira, poti ankakhula mimba pamizu. Koma pakona ya chulu, pamene ena onse ankachepetsa liwiro poopa kugubuduza, achimwene anangokhota akuthamanga. Galimoto inakakamira pansi ngati yamatidwa. Mabatire asanu aja sanasunthe ndi pang'ono pomwe. Anafika pampopi woyamba, akupuma wefuwefu, akuseka, mikwingwirima ya lamba ikuonekera m'munsi mwa kabudula. Sabata yotsatira anyamata onse ankaponda magalimoto awo dala. Ena anaponda mopitiriza mpaka kuwapheratu, n'kumalira okha.

Ine sindinaulule. Ndinkati ndinena mawa. Mawa linakhala chaka. Sukulu ndinalekezera mu Sitandade 6, ndinakwatiwa, ndinabereka. Achimwene anakhala makaniko, anabwera kuno ku England, ndipo patapita zaka anandithandiza kuti nanenso ndibwere ndi ana anga. Chilichonse chabwino chimene ankandichitira chinkandikumbutsa mpanda wa bafa uja. Kwa Mulungu ndinalapa kambirimbiri. Kwa mwini mikwingwirima, ayi.

Kuno anagula galimoto yakalekale ya mipando iwiri, yofiira, yadzimbiri, imene alamu ankaitcha mkazi wachiwiri. Anaikonza pang'onopang'ono m'galaja mwawo, ndipo masiku ena ankaikweza pangolo kupita nayo kubwalo la mipikisano kunja kwa tauni, kumene anthu amaloledwa kuthamangitsa. Ine ndinkadana nazo. Ndinkati, "Achimwene, imvi zonsezi, mukufuna tidzakutoleni ndi fosholo?" Iwo ankangoseka.

Loweruka lina, masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, ndinawapititsira zitumbuwa. Ndinawapeza atagona pansi pa galimoto, yakwezedwa pajeke, kukuoneka miyendo yokha. M'galaja munkanunkha oilo ndi chitsulo chozizira. Pambali panali masipiring'i akale, aatali, ndi ena atsopano, aafupi ndi onenepa. Anayamba kundifotokozera ali pansi pomwepo, ngati ndine munthu womva zimenezo. Akuti galimoto ikakhala pamwamba, pakona imapendama ngati munthu woledzera. Ukaitsitsa ndi masipiring'i aafupi olimba, n'kusinthanso mashoko, imagwira msewu. Koma ukatsitsa mopitiriza, mimba imakhula pamahampu ndipo matayala amadya madigadi. Ndiye ankayeza ndi tepi mbali zonse, kuchokera pansi kufika pamadigadi, n'kumalemba ndi choko pakhoma.

"Nzeru imeneyi sindinaiphunzire kwa azungu," anatero. "Ndinaiphunzira pachulu cha ku Chilomoni."

Ndinaika zitumbuwa zija pansi. Kaya ndi chifukwa choti nkhope yawo sinkaoneka, kaya ndi Mzimu unandikankha. Ndinalankhula ndi nsapato zawo.

"Achimwene, mtsuko wa amayi uja ndinaswa ndine. Galimoto yanu ndinaponda ndine. Munamenyedwa chifukwa cha ine."

Sipanala inasiya kulira. Ndinamva ngati ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kenaka miyendo ija inayamba kugwedezeka, ndipo anatuluka chagada, nkhope ili oilo, akuseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Esinati! Wasenza mtsuko umenewu zaka makumi anayi? Khosi silikupweteka?"

"Musaseke, achimwene."

"Ndinakuona. Mpanda wa bafa uja unali wothothoka kunsi. Timapazi tako tinkaonekera, tikunjenjemera ngati ta nkhuku yonyowa."

"Nanga bwanji simunanene?"

Anapukuta manja ndi kansanza, kuseka kuja kutatha. "Chaka chimenecho unali utangodzuka kumene pamphasa ndi chifuwa chija. Unali ngati bango. Lamba wa bambo akadakuthyola pakati. Ine ndinali ndi mnofu." Anatenga chitumbuwa ndi zala zakudazo. "Ndiponso makaniko wanga woyamba ndiwe. Phazi lako linayeza bwino kuposa tepi iyi."

Ndinalira m'galaja muja ngati mwana, iwo akungodya zitumbuwa, akuti zachepa shuga. Potsiriza anati chilango changa ndi chimodzi: akamaliza kutsitsa, ndidzakhale pampando winawo, azungulire nane bwalo lija kamodzi, pang'onopang'ono ngati tikupita kuchikwati. Ndinati, "Ine? M'kabokosi kameneka? Adzanditulutsemo ndani ndi mawondo angawa?" Anati, "Nyengo yotentha ikubwerayi, ndipo usadzanamizire kwaya." Ndinavomera, koma mumtima ndinkakonza kale zozembera. Lero ndikadapereka chilichonse kuti ndikhale pampando umenewo.

Kutsogolo anamaliza. Kuzizira kutakula anaimitsa ntchito, masipiring'i akumbuyo akadali m'katoni. Titaika maliro ndinalowa m'galaja muja ndekha. Galimoto ili pomwepo, kutsogolo yatsika, kumbuyo ikadali m'mwamba, ngati munthu amene wagwada. Manambala awo a choko akadali pakhoma. Tadala, mwana wawo, amene anamaliza ku yunivesite chaka chatha, anandipeza mmenemo. Ana obadwira kunowa sanapindepo waya ndi mano, magalimoto awo amathamangitsa pafoni, ndipo ukawalankhula Chichewa amakuyankha m'Chingerezi. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse, za chulu, za mabatire, za mtsuko, za lamba. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anayang'ana katoni ija, n'kuyesetsa m'chilankhulo cha bambo ake, mawu akupunthwapunthwa: "Azakhali, ndimaliza ine. Inu mukwera." Ndamuuza kuti ndidzakwera, ndipo ulendo uno sindizemba.

Ndikuthokoza Ambuye kuti anandipatsa Loweruka lija, kuti achimwene sanapite ndisanatule mtsuko wanga. Ndikuthokozanso nonse amene munadzatikhalira pamaliro, a kuno ku Leicester ndi amene munachokera ku Nottingham kuzizira konse kuja. Ndikupempheni chimodzi, abale anga: mukamagwada, musatiiwale. Muwakumbukire alamu anga amake Tadala, amene mpaka lero amatulutsa makapu awiri m'mawa. Mumukumbukire Tadala akamalowa pansi pa galimoto ya bambo ake, kuti manja ake asanjenjemere. Mundikumbukirenso ine, mlongo wawo wa a Lasitoni, amene ndinabisala kuseri kwa bafa iwo n'kundibisa zaka zonsezi.