Chipsera cha a Mbenje

Lachisanu lija ndinaika mapulogalamu atsopano pa seva, kompyuta yaikulu ya golosale ina ku Limbe, osawayesa kaye, poti ndinkathamangira kuweruka. Matilu onse, makina olipirirapo a m'golosalemo, amadalira sevayo, ndipo woisamalira ndine. Loweruka m'mawa matilu anangoti zii.

Nditafika ndinapeza eni golosale, a Saidi, akukalipira a Mbenje, ogwira ntchito patilu.

"Mwagwiranso mawaya, eti?"

"Bwana, ine sindinakhudze kanthu!"

A Saidi anatola loko wa pachitseko n'kuwagenda naye. Anawang'amba pamwamba pa diso, magazi chuchuchu pa malaya oyera.

Ine ndinakhala pa thumba la shuga n'kubwezeretsa mapulogalamu akale aja mwakachetechete. Matilu anadzuka. A Saidi ananditembenukira akupumira m'mwamba.

"Chinavuta n'chiyani?"

Ndinayang'ana loko uja ali pansi pafupi ndi phazi lawo.

"Mawaya, bwana," ndinatero. "Asamawagwiregwire."

Mpaka lero a Mbenje akandiona amafuula, "Akatswiri afika!" Amandimwetulira, chipsera chili pompo. Seva ija ndinaibweza mwakale mosavuta. Koma nkhope ya munthu, ndasakasaka pobwezera pake, palibe.