Kompyuta Inandimangitsa Ukwati ndi Apongozi

Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma maso anga anapitiriza okha. Chiyambire ndimakonda zithunzi. Atabwera matipate, khoma la nyumba yathu ku Nkhulambe linalemera kuposa mwini wake. Aliyense wofuna uphungu ankagawa mapepala a nkhope yake, ine n'kumalandira onse, wachikasu, wabuluu, wobiriwira, n'kuwamata ndi phala la chinangwa pambali pa makalendala a feteleza. Anzanga ankaweta mbuzi, ine ndinkaweta nkhope.

Mayi a kunyumba zimenezi sizinkawakomera.

"Inu abambo, khoma lonse ladzaza alendo. Eni nyumbafe tili pati?"

Ankanena zoona. Ukwati wathu unali wa chinkhoswe: nkhuku, thobwa, ankhoswe kulankhula mpaka kutopa, basi. Wojambula sanapondeko. Chimene chinkawabaya kwambiri n'chakuti mnzawo wa kukwaya anali atapachika chithunzi cha ukwati woyera, velo mpaka pansi, pomwe mudzi wonse unkadziwa kuti mayi amenewo anangolowana ndi amuna awo chaka cha njala.

Mwini matsengawo anali mkulu wina wa ku Migowi, woyenda pa njinga ndi chikwama chakuda. Ankatolera tizithunzi m'midzi n'kupita nato ku Limbe, kumene kunali makina otchedwa kompyuta. Makinawo ankadula mutu wako bwinobwino, osatuluka magazi, n'kuuika pa thupi la munthu wovala suti, kumbuyo kuli nyumba yosanja. Makwinya ankawasita ngati malaya. Ndinaona ndi maso angawa mkulu wina amene nsapato sazidziwa chibadwire, atatsamira galimoto, kiyi ali m'manja.

Titagulitsa nandolo tinamuitana. Zithunzi zomwe tinali nazo zinali za pa ziphaso zovotera basi. Apongozi anga aakazi atamva, anatumiza chawo kudzera mwa mwana wawo, ati angochikulitsa kuti adzukulu adzawakumbukire. Ziphaso zitatuzo zinalowa mu envelopu imodzi.

Apa ndiyambe ndafotokoza za apongozi, kuti mudziwe pamene panali khosi langa. Ine ndine mkamwini. Munda ndimalima ndi wa kuchikazi, nyumba yakhala pa dothi lawo, ngakhale mango ndimadya mochita kupempha. Ndipo apongoziwo anali a mwambo wakale weniweni: mkamwini ndi apongozi saonana maso ndi maso. Tikakumana panjira, ine ndinkalowa m'munda wa chinangwa ngati ndatsekula m'mimba, iwo n'kufunda chitenje kumutu. Nkhope yawo ndinkaidziwa mmene timadziwira dzuwa, moba. Anali atathamangitsapo kale mkamwini mmodzi, mwamuna wa mlamu wanga, chifukwa chowapatsa moni wa padzanja ataledzera. Mnzangayo anabwerera kwawo ku Jenala ndi bulangete ndi wailesi yopanda mabatire.

Tsiku lobwera zithunzi ndinamva phokoso lisanafike pakhomo. Mkulu uja, pofuna kutsatsa luso lake, anamangirira chithunzi chathu kutsogolo kwa njinga, chitayang'ana anthu, kuchokera pamsika mpaka kwathu. Amayi a pamjigo anasiya zidebe zikusefukira.

Ndinadziona ndekha poyamba, ndipo ndisaname, ndinakongola. Suti yakuda, tayi, duwa pachifuwa, mapewa ngati a munthu wodya katatu. Dzanja langa linali litagwira mkwatibwi m'chiuno. Ndinakweza maso kuti ndione mkazi wanga m'velo.

Anali apongozi.

Makwinya onse atasitidwa, mano atadzaza m'kamwa, akumwetulira ataweramira paphewa panga. Ndipo ine, amene ndinatha zaka ndikudzikanda ndi zitsotso za chinangwa pothawa nkhope imeneyi, ndinali kuiyang'anitsitsa masanasana.

"Achimwene, mwandipha," ndinatero.

"Bwanji madala? Suti yathina?"

"Awa ndi apongozi anga!"

Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ine, n'kukanda m'mutu. "Aaa. Komatu mwayenerana."

"Mwati chiyani?"

"Madala, wa kompyuta sadziwa zibale. Anangoona amayi awiri, n'kusankha wooneka bwinoko."

Apo ndiye anathira mafuta pamoto, pakuti mayi a kunyumba anali ataima pomwepo. Tsiku lojambulitsa ziphaso iwo ankadwala malungo, duku litapendekeka, pomwe apongozi anapita atadzola mafuta ngati ku Khirisimasi. Mkulu uja anatulutsa chithunzi chachiwiri mwamantha. Mkazi wanga anali yekhayekha m'mitambo, nkhunda yoyera ikuuluka pamutu pake, monga amachitira ndi anthu amene anatisiya.

"Ohoo," anatero mayiwo, mawu ali pansipansi. "Ndiye ine ndafa, eti? Mwandikweza kumwamba kuti mutsale ndi amayi?"

Chithunzicho ndinakachikwirira m'thumba la makaka, koma unali ngati kubisa utsi. Pabawo anzanga anandilandira ataimirira.

"Wafika mkamwini wokwezedwa pantchito!"

"Iwe, tsopano mkazi wako azikutchula kuti bambo?"

"Mutiitaneko ku phwando, ife nyemba za kalongonda tibweretsa tokha!"

Ndinaseka nawo mwachiphamaso. Kwathu kumene ndinabadwira munda anagawana kalekale alongo anga. Munthu wa imvi kubwerera kwawo ndi bulangete pamutu, akafikira kuti? Madzulo ake ndinayamba kuyang'ana kachingwe komangira katundu.

Kutacha uthenga unabwera: apongozi akufuna mkamwini, abwere ndi chinthucho.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, atayang'ana kukhoma, msana uli kwa ine. Ndinagwada patali, maso ali pa nyerere. Mkazi wanga anakhala pakati kuti azinyamula mawu, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino.

"Uwauze amuna akowo apereke."

"Akuti mupereke," anatero mkazi wanga, mokoma ngati tsabola.

Ndinachikankha pansi, fumbi la makaka lili mbuu pagalasi. Ndinamva akupukuta ndi chitenje. Nkhuku inadutsa pakati pathu, n'kubwereranso, iwo akadali pachithunzi. Ine mumtima ndinali nditafika kale pa siteji ya matola.

"Mano awa ndi a ndani?" anafunsa.

"Ndi a kompyuta, amayi," anayankha mkazi wanga.

"Bodza. Ndi anga. Ndinali nawo oterewa pamene bambo ako ankandizungulira ku gule wa tchopa." Anapumira m'mwamba. "Velo ndiye sindinavalepo. Taona mmene yandikhalira."

"Amayi, velo imeneyo inali yanga."

"Iwe uli ndi nthawi, udzavala. Ichi sichituluka m'nyumba muno. Koma nyani wandigwira m'chiunoyu achoke."

Mkazi wanga, ngakhale anali wokwiya, anafunsa msanga. "Achoke pamudzi?"

"Akachoka pamudzi alime ndani? Achoke pachithunzipa!"

Ndinawomba m'manja mwaulemu mpaka zikhato kuwawa.

Kubweza chithunzi ku Limbe apongozi anakana, ati angakawabwezere makwinya. Ndiye ndinakatenga mmisiri wa ku Chiringa, uja ankalemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula mitu pamakoma a ometa tsitsi. Ntchito yake inali yofafaniza nkhope yanga ndi penti n'kuikapo ya malemu apongozi aamuna. Malemuwo sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse, choncho apongozi ankachita kufotokoza: mphuno yotere, makutu otere, ndevu za apa ndi apa. Mmisiri ankangogwedeza mutu, burashi ili m'kamwa.

Vuto linali limodzi. Munthuyo pa moyo wake wonse ankadziwa kujambula mutu umodzi wokha, wa pa ometa tsitsi, woyang'ana cham'mbali. Atamaliza, malemu anatuluka ali mu suti ija, tsitsi lili phwatalala ngati tebulo, atafulatira mkwatibwi, maso ali kukhomo.

Apongozi anachinyamula, n'kuchitalikitsa, n'kuchiyandikitsa.

"Ndi iwowo ndithu," anatero. "Ali moyonso ankangoyang'ana kumene kuli mowa."