Laputopu pa makapu awiri

A Nyagondwe, papita chaka chitisiyireni, koma lero munali nane muofesi. Andipatsa laputopu yatsopano, ndiye ndimaikamo R, pulogalamu yathu ya ziwerengero ija, pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, monga munandiphunzitsira. Mukukumbuka nditangofika kuno ku Rumphi kuchokera ku Dedza? Lipoti la malungo likufunika mawa lake, laputopu yanga yakale ija yatentha, ikulira ngati chigayo, zilembo zikungothamanga pa sikirini yakuda. Ine ndinati yafa basi, chala chili kale pa batani lozimitsira. Munandimenya padzanja. "Lekani, adada! Ikumanga mapakeji, tizigawo ta R, sinafe." Munatenga makapu awiri a tiyi, n'kuwatembenuza, n'kukhazikapo laputopuyo kuti mphepo izidutsa pansi. Kenako munasenda nthochi, n'kumandifunsa za amayi anga mpaka laputopuyo inamaliza. Lipoti linapita.

Yatsopanoyi sitentha n'komwe, koma ndaikhazikabe pa makapu. Mnzanga wafunsa chifukwa chake, ndangoti kuno R timaika chonchi. Yewo chomene, zikomo kwambiri, amama, gonani bwino. Zilembo zathamanga mpaka kumapeto, ine ndikudya nthochi yanga, ndipo batani lija sindinalikhudze.