Tibokosi ta Radostina

"Ndiye Chitaliyana mwachimaliza sabata imodzi?" anaseka Bozhidar, mnzake wa tebulo loyandikana, atasuzumira pa kompyuta ya Radostina. "Achemwali, tiyankhulenikoni pang'ono."

Radostina sanaseke. Mzere wakuti "kuphunzira Chitaliyana" unali wochonga, chonsecho buku lake anali asanalitsegule n'komwe.

Mu ofesi yawo yopanga mapulogalamu a kompyuta mumzinda wa Plovdiv khalidwe lake linali lodziwika. Anzake, makamaka obwerera kuchokera ku Berlin, ankasintha mapulogalamu okumbutsa ntchito ngati masokosi. Iye ayi. Moyo wake wonse unali m'fayilo imodzi ya mawu okhaokha, m'pulogalamu yomweyo yolembera khodi: mzere uliwonse ntchito yake, kutsogolo kabokosi. Ntchito ikatha ankaikamo x, n'kuiwaliratu. Mutu ndi woganizira, ankatero, si nkhokwe.

Tsopano anakumbukira. Lolemba, gulu lawo litamaliza ntchito ya kasitomala, iye mwini analamula pulogalamuyo kuti ichonge tibokosi tonse ta m'foda ya ntchitoyo. Fayilo yake inali momwemo. Kuphethira kamodzi, zochitika ndi zosachitika zinafanana, ndipo sabata yonse iye ankangokhulupirira.

"Tengani yakale pa seva ya kampani," anatero Bozhidar atamva zimene zinachitika.

"Sindiitumiza kumeneko. Muli zanga za kunyumba."

"Aaa! Inu amene mumatikalipira tikapanda kusunga kope?"

"Khala chete, iwe."

Radostina anatsetsereka m'munsi mwa fayiloyo mpaka pamzere umene ankauopa: kuimbira chipatala cha maso, kutsimikiza tsiku la bambo. Bambo ake, a Stoimen, anali atadikira opareshoni ya ng'ala chiyambire chilimwe, ndipo kumeneko wosatsimikiza malo ake amapita kwa wina. Lachiwiri anauona mzerewo uli ndi x, mtima n'kukhala pansi. Koma x ameneyo anaika ndani, iye kapena makina? Ankakumbukira ataimba kamodzi pa foni ya pa ofesi, osayankhidwa. Ngati anaimbanso, m'mutu munalibe.

Anaimba. Foni inaitana, kuitana, Bozhidar naye atasiya kutafuna chitumbuwa chake cha banitsa.

"Dzina la wodwala?" anafunsa namwino. Kunamveka mapepala. "Mwanawe, tinadikira mpaka dzulo. Malo tapatsa wina."

"Chonde mayi, diso linalo layambanso. Bambo akupapasa makoma."

"Onse amene ali pamzerewu akupapasa. Ndawalemba chisanu chikatha. Ulendo uno muimbe."

Radostina anabweza foni pang'onopang'ono. Kenako anayamba kuchotsa x mzere ndi mzere, paliponse pamene sanali wotsimikiza. Inali mizere yambiri.

"Ndikuperekezeni mukawauze?" anafunsa Bozhidar, mawu atatsika.

"Bambo ndi anga."

Poweruka sanakwere basi. Anayenda wapansi, akuyeseza mawu oyambira, onse akumuthawa. Pafupi ndi kwawo analowa m'kashopu ka zolembera, nagula galasi lokulitsa zilembo, lachigwiriro chakuda, loti bambo aziwerengera nyuzipepala. Anakwera masitepe atalifumbata m'thumba la jekete.